Mayi Buleki ndi Mizere Yofiira

Pasukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto imene ili kuseri kwa malo omwetsera mafuta pali kagalimoto koyera ka mabuleki awiri. Buleki imodzi ili pamalo pake, kunsi kwa chiwongolero. Inayo ili kumpando wa mphunzitsi, ndipo mphira wake unatha kalekale moti chitsulo chili pamtunda, chosalala ngati supuni. Mphirawo unadyedwa ndi phazi la munthu mmodzi, ndipo ndi phazi lomwelo limene linawapezera dzina loti Mayi Buleki. Dzina lawo lenileni ngakhale abwana awo amachita kukalifufuza m'mapepala akalifuna.

Sukulu anailekera panjira bambo awo atayamba kudwala. Anakalowa ganyu kwa amalume awo, amene ankayendetsa galimoto yogawa buledi m'mashopu. Poyamba ankangonyamula makireti, kenako n'kumatsuka galimotoyo, kenako n'kumaibweza kumbuyo kuti ilowe pageti. Tsiku lina amalumewo anadzuka mwendo utatupa, buledi ali kale m'galimoto, ndipo mtsikanayo sanafunse munthu. Anangokwera n'kuliza injini. Kuchokera pamenepo anayendetsa ya buledi, anayendetsa matakisi, mpaka anadzakhazikika pampando wa mphunzitsi uja tsitsi likadali lakuda. Lero imvi zili mbuu, koma mpando ndi womwewo.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kodziwika tauni yonse. Chiwongolero cha wophunzira sankachikhudza, ati munthu saphunzira ndi manja a mnzake. Zida zawo zinali ziwiri basi, phazi ndi pakamwa. Ukangolakwitsa, galimoto inkaima mwadzidzidzi, mutu n'kugwedera kutsogolo, kenako mawu:

"Galasilo anakuikira kuti uzionera ziphuphu? Njinga ija sunaione? Ukufuna kupha mwana wa yani m'mawa uno?"

Azibambo a mimba zawo ankatsika m'kagalimotoko malaya atanyowa ndi thukuta. Koma tisawanamizire mayiwa: amene ankapirira mpaka kumapeto ankakhoza mayeso, ndipo ankayendetsa bwino. Amene ankathawa panjira, Mayi Buleki sankawawerengera. Ankati amenewo ndi alesi, msewu wapepukidwa.

Vuto linali loti phazi lija sankalisiya kuntchito. Pakhomo pawonso buleki inali ndi iwo okha. Amuna awo, bambo wofatsa amene ankakonza mawotchi maso asanafooke, anaphunzira kalekale mawu opulumutsa moyo akuti, "Ndi momwemo, mayi." Mwana wawo wamwamuna anakula akudziwa kuti mkangano ndi amayi ake umatha msanga ukangogwedeza mutu. Atakwatira anabwera ndi mkazi wake kudzakhala m'zipinda za kuseri, ndipo kumeneko kunabadwa kamdzukulu. Mpongoziyo ankagwira ntchito m'shopu yogulitsa mankhwala, kumene ankatha tsiku akuwerenga tizilembo ta Chingerezi ta pamabotolo. Anali waulemu mopitirira muyezo, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Nayenso anayesapo kuphunzira galimoto kwa apongozi akewo, koma sanachedwe kusiya, ati ntchito yachuluka.

Kenako kunabwera lamulo latsopano. Abwana anaitanira aphunzitsi onse mu ofesi, pansi pa chipepala cha zikwangwani za pamsewu chimene dzuwa linachifufutitsa.

"Anthuni, zinthu zasintha," anatero. "Aliyense wophunzitsa galimoto akuyenera kuchita maphunziro a pa intaneti, kenako alembe mayeso a kaphunzitsidwe. Ndati kulemba, osati kuchonga ayi. Ziganizo zathunthu, m'Chingerezi, pakompyuta. Mwayi ulipo uwiri. Wolephera kawiri, chiphaso chake cha uphunzitsi chathera pomwepo."

Aphunzitsi achinyamata anangoseka. Mmodzi wa iwo, amene ankamutcha Magalasi chifukwa sankavula magalasi akuda ngakhale mvula ikugwa, anacheukira Mayi Buleki ndi ulemu wachiphamaso.

"Nanga amayi athu, zala zikadali zofewa?"

"Iwe ukuyamwa, ine n'kuti ndikubweza lole pamtsetse," anayankha. "Kompyutayo ili ndi magiya angati?"

Pakamwa panayankha mwamphamvu, koma zoona zake ankazidziwa. Chingerezi cholankhula anali nacho chokwanira kukalipira munthu. Cholemba anachisiya padesiki ali kamtsikana. Ndipo chimene chinkawaopsa kwambiri n'chakuti kunja kwa kagalimoto koyera kaja sankadziwa kuti angakhale ndani. Komabe anavala zilimbe. Madzulo omwewo anabwereka laputopu yakale ya mwana wawo n'kuikhazika patebulo lodyera, pakati pa chitini cha shuga ndi kabasiketi ka mankhwala a amuna awo.

Mwanayo anawatsegulira bulawuza, pulogalamu imene munthu amalowera pa intaneti, n'kuwaonetsa tsamba la maphunzirowo ndi bokosi loyera lolembamo mayankho oyeserera. Anayamba ndi zala ziwiri, kujompha batani limodzilimodzi ngati nkhuku. Chiganizo choyamba chisanathe, kunsi kwa mawu ena kunatuluka kamzere kofiira kopindikapindika. Kenako kena. Pomafika kumapeto kwa ndime, tsamba lonse linali psuu.

"Ichi n'chiyani?"

"Ikukuuzani kuti mawuwo simunalembe bwino, amayi. Bulawuzayo imayang'ana kalembedwe ka mawu alionse."

"Yafunsidwa ndi ndani?"

Mwanayo anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi foni yoti akaimbire panja.

Anatsala okha ndi mizere yawo. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akupondera ena buleki, lero wakumana ndi kanthu kopanda ndi miyendo yomwe kakumupondera iye. Zinawawawa. Ankafufuta mawu, n'kulembanso, mzere n'kubweranso pomwepo. Mtima utapsa anafinya mausi, kachipangizo kodinira, chala n'kugwera pabatani la kumanja. Panatseguka kabokosi. M'mwamba munali mawu angapo oti asankhepo, koma iwo sanawalabadire, poti sanazolowere kusankhiridwa. Maso awo anagwera pamzere wa m'munsi, ndipo anauwerenga pang'onopang'ono milomo ikuyenda. Unkati mawuwa awonjezeredwe mu dikishonale. Anadina. Kamzere kofiira kanazimiririka. Analembanso mawu omwewo pena, monga mmene anawalembera poyamba, ndipo sipanatuluke kanthu.

Apa ndi pamene nkhani inapotokera, ndipo musafulumire kuwaseka. Mayi Buleki sanaganize n'komwe kuti akubera. Iwo anamva monga amamvera mphunzitsi: chinthuchi sichikuwadziwa mawuwa, ndiye chikupempha kuti chiphunzitsidwe.

"Ohoo," anatero mokweza, "kani ndiwe wophunzira? Ukanangonena. Ndaphunzitsa ouma mitu kuposa iwe."

Ndiye anayamba kuiphunzitsa. Akaweruka kuntchito ankavula nsapato, n'kukhala patebulo paja, n'kuyamba kalasi. Mzere ukangosuzumira, ankaudina n'kuuthamangitsa. Ankaiyamikiranso laputopuyo ikagwira msanga, ulemu umene wophunzira wamoyo sanaulandirepo.

Tsiku lina mpongozi wawo anabwera ndi tiyi. Ataika kapu patebulo anaima kumbuyo kwawo, maso ake n'kugwera pa zimene zinalembedwa. Anaona mzere wofiira, anaona dzanja likudina, anaona mzerewo ukuchoka mawu ali chipotokere. Anatsegula pakamwa.

"Mwati bwanji, amake mwana?" anafunsa Mayi Buleki osacheuka.

"Ayi, amayi. Ndimati shuga ndaika kale."

Masamba anayamba kuyera. Sabata iliyonse mizere inkachepa, mpaka inafika nthawi yoti ankalemba ndime yonse osaona kofiira ngakhale kamodzi. Anaitana amuna awo kuti adzaone. Bambowo anawerama, anasinzinira maso awo ofooka, n'kunena kuti ndi momwemo. Kuntchito anamuuza Magalasi kuti adzikonzekere yekha, poti za iwo zatheka kale. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mayeso analembera m'chipinda chachikulu cha makompyuta ondandalikidwa m'mizere. Makompyuta akewo anawazimitsira choyang'ana kalembedwe, koma Mayi Buleki sanadziwe. Analemba, n'kumayang'ana ngati kutuluke kofiira, ndipo ataona kuti bokosi lili mbee anaganiza kuti nayo kompyuta ya kumayeso ikugwirizana nawo. Anatuluka woyamba, mutu uli m'mwamba.

Zotsatira zinafikira kwa abwana. Anawaitana, n'kutseka chitseko, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Mayi, sizinayende. Ochongawo akuti mayankho ambiri alephera kuwatsatira." Anatsokomola pang'ono. "Mundikhululukire, koma lamulo likuti wolephera ayambe waima mpaka adzalembenso. Kiyi mumupatse Magalasi."

Sanatsutse. Anatulutsa mpukutu wa makiyi, n'kuyamba kulimbana ndi kawaya kake ndi chikhadabo. Kiyiyo inali itakhalitsa pamenepo moti inakana kutuluka, ndipo abwana anayang'ana pawindo mpaka itatuluka.

Wina akanakhala kunyumba chifukwa cha manyazi. Iwo m'mawa mwake anafika nthawi yawo yomweyo, yunifolomu itasitidwa, n'kukhala pabenchi la odikira. Ankaona kagalimoto kawo kakutuluka pageti, Magalasi atagoneka mpando ngati ali pa bedi, chigongono chili pawindo. Ophunzira awo akale ankawapatsa moni mwamsanga n'kulambalala. Palibe anawaseka, ndipo kusasekako kunkawawa kuposa kusekedwa.

Abwana anawamvera chisoni n'kuwauza kuti m'malo mongokhala aziyeserera pakompyuta ya mu ofesi. Anakhala pansi, n'kulemba ndime ina imene anali atailoweza, yomwe kunyumba inkatuluka yoyera. Apa inatuluka yofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Abwana, kompyuta yanuyi njosaphunzira," anatero. "Yanga ya kunyumba mawu onsewa ikuwadziwa. Ndinaiphunzitsa ndekha."

"Munaiphunzitsa bwanji?"

Anawaonetsa. Abwana anayang'ana kabokosi kaja, anayang'ana mayiwo, n'kudzikanda m'mutu nthawi yaitali asanapeze polowera.

"Mayi, batani limeneli ndi la mawu olondola amene kompyuta sikuwadziwa, monga mayina a anthu. Mukaikamo olakwika, iyo imangosiya kukuuzani. Iyi ikunena zoona. Ya kwanuyo munaitseka pakamwa."

Tsiku limenelo Mayi Buleki anapita kwawo wapansi, ngakhale minibasi zinkawaimira. Atafika anapeza onse ali pabalaza. Anaika chikwama patebulo, pambali pa laputopu.

"Ndani ankadziwa kuti chinthuchi ndachiwononga?"

"Ndi momwe..." anayamba amuna awo.

"Bambo, lero ayi."

Mwana wawo anapeza china chake chochititsa chidwi pa nsapato yake. Kenako mpongozi uja, mwana ali pamiyendo, analankhula ndi kamawu kake kapansipansi.

"Ine ndinaona, amayi."

"Liti?"

"Pachiyambi pomwe."

"Ndiye munangondiyang'ana ndikulowa m'dzenje? Tiyi munkandipatsa, koma kunditsina khutu ayi?"

Mpongoziyo anakonza kachipewa ka mwana, kamene kanali kokonzeka kale.

"Amayi, pakhomo pano ndani anakuuzanipo kuti mwalakwa, n'kudzadya chakudya chamadzulo mwamtendere?"

Amuna awiri aja anadikira chiphaliwali. Sichinabwere. Mayi Buleki anatuluka panja, anatenga tsache n'kusesa bwalo limene linali losesasesa kale. Anasesa mpaka kugeti. Funsolo linawalasa chifukwa yankho lake ankalidziwa: palibe. Anthu atatu ndi makina amodzi, onse anawaphunzitsa okha kukhala chete, ndipo kukhala cheteko iwo ankakutcha kugwirizana nawo. Atabwerera m'nyumba anakankhira laputopu kwa mpongozi wawo.

"Chotsani zonse zimene ndinaiphunzitsa. Iyambirenso."

Inali ntchito yosachedwa. Mizere inabwerera yonse, yochuluka ngati chikuku pathupi pa mwana. Mayi Buleki anaiyang'ana osaphethira.

Mwana wawo, chikumbumtima chikumuluma, anafuna kuthandiza mwa njira yake. Anaika kapulogalamu kena kowonjezera pa bulawuza, kamene sikamangoloza cholakwa ayi, koma kamakonza kokha munthu akulemba, n'kusanjanso ziganizo. Tinene zoona, kanali kokoma. Mayi Buleki ankaponyamo mawu opunduka, n'kutuluka Chingerezi chosita bwino, cha anthu ovala mataye. Masana onse a Loweruka anasangalala nako, mpaka anayamba kuimba chapansipansi. Kenako anaima, n'kuwerenganso zimene zinali patsambapo. Sanadzipezemo.

"Iwe, kanthu kakoka kadzakhalako kumayeso?"

"Ayi, amayi, kumeneko salola."

"Ndiye kagwira chiwongolero changa. Ine ndakhala kumbuyo ngati bwana, iko kakuyendetsa. Kachotse."

"Koma amayi, kakuthandizani kuti muone mmene..."

"Ndati kachotse. Undisiyire mizere yokhayo. Izindiuza kuti pano palakwika, basi. Kukonza ndikonza ndekha."

Anadziikira malamulo okhwima kuposa a ochonga mayeso. Mzere ukatuluka, sankatsegula kabokosi ka mawu osankha kaja. Ankafufuta n'kuyesa njira ina, n'kuyesanso ina, mpaka mutu utatentha. Akagonja ndi pamene ankasuzumira, n'kuwalemba mawuwo mobwerezabwereza, kenako n'kutseka maso n'kuwalembanso. Pabenchi la kuntchito ankawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo: zomata pakhoma, kuseri kwa botolo la mafuta a injini, ngakhale kabuku ka malangizo ka kagalimoto koyera, kamene kanakhala zaka zonsezi m'kabati osatsegulidwa. Magalasi atawafunsa ngati sakutopa, anamuuza kuti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mnyamatayo sanayankhe mwachipongwe ulendo uno. Tsiku lotsatira anawabweretsera mapepala ake a maphunziro aja, ati iye sakuwafunanso.

Mayeso atayandikira, Mayi Buleki anaona kuti mizere ija nayo yasanduka ndodo yoyendera. Kumayeso sikudzakhala. Anaitana mpongozi wawo.

"Amake mwana, zimitsani choyang'anacho. Mukhale apa, pambali panga. Ndikalakwitsa mundiuze inu. Ndikamaliza tiyatse tione ngati tonse tinaona bwino."

Zinali zovuta kwa onse awiri. Mpongoziyo anakhala m'mphepete mwa mpando, manja ali pamiyendo. Apongozi ake akalakwitsa, iye ankangotsokomola.

"Mukudwala chifuwa? Si inu mumagulitsa mankhwala?"

"Ayi, amayi, ndimati mwina, kapena, mawu achiwiriwo mutawaonanso..."

"Mwina ndi kapena zinapha anthu pamsewu. Nenani kuti ayi. Ndikulumani?"

Nkhope ya mpongoziyo inaonetsa kuti funso limenelo silinali lophweka. Komabe pang'onopang'ono anazolowera. Anayamba kuloza ndi chala, kenako n'kumanena kuti, "Apo, amayi." Mayi Buleki ankaluma mano nthawi iliyonse, koma ankakonza. Amuna awo ankakhala patali ndi kamdzukulu, akuonerera zodabwitsazi ngati munthu woonerera mpira umene sakudziwa kuti utha bwanji.

Lamlungu lina masana anafika pafunso ili: wophunzira wanu wazimitsa galimoto pamphambano, magalimoto a kumbuyo akuimba mahutala, iye wayamba kunjenjemera, mutani? Mayi Buleki anamwetulira. Limeneli linali la kwawo. Analemba mosadodoma kuti aponda buleki, amuuza wophunzirayo kuti ndi ngozi yoyenda, amutsitsa pomwepo kuti asinthane mipando, kuti manyaziwo amuphunzitse asadzabwerezenso. Mpongozi sanaloze paliponse. Anayatsa choyang'ana chija. Tsamba linakhala loyera, ndipo ulendo uno kuyerako kunali koona. Mayi Buleki anatsamira kumbuyo n'kupinda manja. Anali atakhetsera thukuta tsiku limeneli.

"Ayi," anatero mpongozi.

"Ayi chiyani? Mzere uli kuti?"

"Mawu onse mwalemba bwino, amayi. Koma yankholo n'lolakwika."

"Inu mundiphunzitsa ine za galimoto?"

Mpongoziyo anamenya tebulo ndi chikhato. Sanamenye kwambiri, koma supuni inalira m'kapu, ndipo pakhomo paja phokoso limenelo linali lisanamvekepo kuchokera kwa munthu wina.

"Wophunzira ameneyo ndine, amayi! Pamphambano ya pafupi ndi chipatala paja. Munanditsitsa anthu akuonerera, ogulitsa zipatso akuseka. Munati manja angawa ndi a kusinki basi. Ndinakalirira kuseri kwa malo omwetsera mafuta, kenako ndinasukusula n'kubwera kudzakuphikirani. Ntchito sinachuluke ayi. Mpaka lero ndikamva hutala ndimakumbukira tsiku lija. Mwanayu akatentha thupi bambo ake kulibe, ndimathamanga naye kukasaka takisi, galimoto yathu ili chiimire pakhomo. Manyazi aja sanandiphunzitse kuyendetsa. Anandiphunzitsa kuopa."

Mkwiyo unawakwera Mayi Buleki. Pansi pa tebulo phazi lawo linaponda lokha, mwachizolowezi, koma linangopeza simenti. Anafuna kunena kuti amene anapirira anakhoza. Mawuwo anali kale palilime pamene nkhope zina zinayamba kuwabwerera, za anthu amene sankawawerengera aja: mayi wina woyembekezera amene sanabwerenso atalira, mkulu wina wachibwibwi amene anatsika pamsewu n'kupita wapansi. Zaka zonsezi ankawatcha alesi. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha makutu, ndipo sanawabise.

Kenako anafunsa funso limene anali asanafunsepo munthu pa nkhani ya galimoto.

"Ndikanatani?"

Mpongoziyo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Mukanangondiuza kuti ndipume. Kuti hutala sapha munthu. Kuti ndiyambirenso, inu mulipo."

Mayi Buleki anafufuta ndime yawo yoyera ija, yonse, chilembo ndi chilembo. Anayamba ina. Choyang'ana chija chinali chiyakire, ndipo mizere inabweranso yambirimbiri, chifukwa mawu a kudekha, a kulimbitsa munthu mtima, a kudikira, anali asanawalembepo m'Chingerezi chiyambire. Anawakonza amodziamodzi. Mpongozi wawo anasendeza mpando pafupi, mapewa awo n'kukhudzana, ndipo palibe anasuntha.

Tsiku la mayeso anakhala pakompyuta ya pakona. Bokosi linali loyera ngati poyamba paja, koma tsopano ankadziwa kuti kuyerako sikukutanthauza kanthu. Palibe amene awauze. Apa anazindikira kuti umu ndi mmene wophunzira amamvera tsiku la mayeso, mphunzitsi akatsika n'kutseka chitseko. Anapuma mozama. Analemba pang'onopang'ono, ziganizo zazifupi, mawu okhawo amene ankawadalira. Akamaliza yankho ankabwerera pamwamba n'kuliwerenga ndi maso a mpongozi wawo, osafunsa za zilembo zokha, komanso ngati munthu wonjenjemera angapulumuke nalo. Anatuluka womaliza, woyang'anira atayamba kale kutseka mawindo.

Kudikira kunawawonditsa. Koma m'mawa uliwonse ankapezeka pabenchi paja. Tsiku limene zotsatira zinafika, abwana sanatseke chitseko. Anaima pakhomo la ofesi n'kukuwa kuti bwalo lonse limve.

"Mayi Buleki! Mwadutsa! Mwadutsira pamzere penipeni, koma mwadutsa!"

"Pamzere ndi pamsewu pomwe," anatero iwo.

Magalasi anabwera yekha ndi kiyi, n'kuipereka ndi manja awiri. Anavula ndi magalasi omwe, ndipo anthu anadabwa kuona kuti ali ndi maso abwinobwino. Mayi Buleki analowa m'kagalimoto kawo, anadzutsa mpando umene unagonekedwa uja, n'kutseka chitseko. Sanaitane wophunzira. Anatulutsa foni n'kuimbira ku shopu ya mankhwala.

"Amayi? Zayenda bwanji?"

"Takhoza," anatero. "Mwana wanga, ndinakulakwira pamphambano paja. Undikhululukire."

Kumbali inayo kunamveka kufwenthera.

"Ndamva, amayi."

"Ndipo usasiye. Zina zimene ndimalakwitsa pakhomopo, uzindiuza. Ungayambe ngakhale pano."

Mpongoziyo anaseka misozi ili m'mawu.

"Amayi, pano pali mzere wa odwala. Zimenezo tiyambe madzulo, mukadya kaye. N'zambiri."